Lipoti la msonkhano wa ophunzira zamagetsi ku Luwinga

A tcheyamani, a komiti ndi anzanga nonse okonza mawailesi ndi zokuzira mawu, zikomo pondituma ku msonkhano wa ophunzira zamagetsi umene unachitika Loweruka lapitali. Zoonetsa zinalipo zambiri, za sola, za maloboti, za mapampu oyatsa ndi foni. Izo ndizidumpha, chifukwa ine ndinakhalitsa pa tebulo la mtsikana wina wophunzira uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre, koma kwawo ndi konkuno ku Mzuzu, amene ntchito yake ikutikhudza kwambiri.

Ntchito yake ya kusukulu ndi kachipangizo koonetsa kugunda kwa mtima. Anamata timawaya titatu pa mikono ndi mwendo wa mnzake n'kuyatsa. Mphamvu ya magetsi imene mtima umatulutsa ikafika pakhungu imakhala yochepa zedi, pafupifupi milivoti imodzi, ndiye pa kompyuta panangooneka mzere wonjenjemera. Chimene chinkaunjenjemeretsa ndi magetsi a m'chipindamo, poti athu kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kenaka anagwiritsa ntchito FFT, njira ya masamu imene Cooley ndi Tukey anafalitsa mu 1965, yolekanitsa mafunde osakanikirana kuti lililonse lioneke palokha. Panatuluka nsonga yaitali pa 50 Hz, kutanthauza ka 50 pa sekondi kaja, ndi zina zazifupi pa 100 ndi 150. Atayika notch filter, sefa yochotsa 50 Hz yokhayo, mtima wa mnzake uja unayamba kuoneka bwinobwino, kugunda kulikonse ndi nsonga yake.

Ndinamufunsa za kung'ung'udza kumene timalimbana nako m'masipika pa maukwati ndi m'matchalitchi. Anati ndi phokoso lomwelo. Ngati mawu ajambulidwa kale, pulogalamu yaulere ya Audacity ili ndi notch filter yake ndipo imathandiza. Koma pa zochitika, anati, tizifuna kumene phokosolo likulowera. Kawirikawiri ndi pawiri: mawaya aatali a jack ogonekedwa pambali pa mawaya a magetsi, kapena mikisa ndi amplifaya zolumikizidwa ku masoketi osiyana, mwakuti magetsi pang'ono amayenda kudzera m'chikuto cha waya wa mawu. Chothandiza ndi waya wa XLR, wa pulagi ya maphini atatu, umene umanyamula mawu m'njira ziwiri, ina yotembenuzidwa. Phokoso limalowa mofanana m'njira zonse ziwiri, ndipo mikisa ikatembenuzanso njira yotembenuzidwa ija n'kuphatikiza mawuwo, phokosolo limadzifafaniza lokha.

Apa ndikupemphani mumvetsere, anzanga. Chizolowezi chothyola phini ya earth pa pulagi kuti phokoso lithe chilipo m'tauni muno, ndipo nthawi zina phokosolo limathadi. Koma phini imeneyo ndiyo imateteza munthu amplifaya ikawonongeka mkati. Popanda iyo, magetsi a 230 V akhoza kufika pa chitsulo cha maikolofoni imene mwana wa kwaya wagwira. Ine ndikuti gulu lathu likane mchitidwe umenewu poyera, ngakhale kasitomala aumirire bwanji.

Anandionetsanso zimene amachita pa nthawi yake yopuma. Ali ndi RTL-SDR, kachipangizo kolandira mafunde a wailesi, kolowetsa pa USB, kamene poyamba kanapangidwira kuonera TV pa kompyuta. Ndi eriyo ya waya imene anapinda yekha, mawailesi a FM, kuyambira 87.5 mpaka 108 MHz, ankaoneka pa sikirini, ndipo ya mphamvu ndi yofooka umazisiyanitsa ndi maso. Pa 1090 MHz amalandira uthenga umene ndege zimatumiza wonena pamene zili ndi kutalika kwake m'mwamba. Kachipangizoka kamangolandira, sikaulutsa. Zoulutsa zimafuna chilolezo cha MACRA. Kwa ife kangathandize poyesa maeriyo ndi mamaikolofoni opanda waya.

Mtsikanayu wavomera kudzatiphunzitsa masana amodzi asanabwerere ku Blantyre, bola timupezere laputopu, mikisa ndi amplifaya yong'ung'udza. Ndikupempha a komiti kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane za tsikulo, komanso ngati thumba lathu lingagule RTL-SDR imodzi ya gulu ndi mawaya a XLR obwerekana.