Msonkho wa mkuwa ku America wamuiwala wochotsedwa ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutse zakukhosi pa nthungululu zomwe zinamveka pa 30 July 2025, tsiku limene a Donald Trump anasaina msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa mkuwa wolowa m'dziko la America. Akuti n'kuteteza migodi ya kwawo. Kuteteza kwake kuti? Msonkhowo unagwera mapaipi, mawaya ndi malata a mkuwa. Koma mkuwa woyengedwa wa cathode, wambiri wochokera ku Chile, womwe ndi umene umapikisana ndi thukuta la munthu wa mumgodi ku Arizona, unasiyidwa kuti uzilowa ngati kale. Mtengo wa mkuwa pa msika wa zitsulo wa COMEX ku America unatsika ndi pafupifupi 20 peresenti nthawi yomweyo. Chitetezo chake n'chimenecho!

Chondiwawa kwenikweni n'chakuti khomo lothandizira munthu woti ntchito yamuthera chifukwa cha katundu wakunja ndi lotseka kuyambira pa 1 July 2022. Ndikunena ndondomeko ya Trade Adjustment Assistance, yomwe inayamba mu 1962 nthawi ya a Kennedy n'kukonzedwanso mu 1974. Aphungu a Congress anangokhala chete mpaka nthawi yake inatha, ndipo Unduna wa Zantchito sungavomerezenso dandaulo latsopano. Aphungu omwewo ndi amene amajambulitsa atavala zipewa za mumgodi nthawi ya kampeni.

Owerenga adziwe zimene zinatayika. Antchito, bungwe lawo kapena kampani ankapereka dandaulo ku undunawo, ndipo unkayenera kuyankha pasanathe masiku 40. Likavomerezedwa, munthu ankalipiriridwa maphunziro a ntchito ina, n'kumalandira ndalama yodyera mpaka masabata 130 kuphatikizapo ndalama imene boma limapereka kwa ochotsedwa ntchito. Panalinso thandizo lofika madola 1,250 lofufuzira ntchito kutali, ndi lina losamukira. Wazaka 50 kapena kuposa akapeza ntchito ya malipiro otsika, boma linkamuwonjezera theka la kusiyanako kwa zaka ziwiri, osapitirira madola 10,000. Kwa bambo amene wayendetsa chimagalimoto cha miyala zaka makumi awiri, ndipo mudzi wake wonse umadalira mgodi umodzi, ndalama imeneyi ndi imene imamusungira nyumba.

Musaganize kuti khomolo lili lotsegula zinkayenda myaa. Lamulo linkafuna umboni woti katundu wakunja wofanana ndi wanu ndiye wachititsa kwambiri kuti ntchito ithe. Apa ndi pamene a mumgodi ankakodwa. Migodi yambiri imatulutsa concentrate, miyala ya mkuwa yopera koma yosayengedwa, chikhalirecho cholowa m'dziko ndi cathode, ndiye wofufuza amatha kunena kuti si katundu mmodzi. Kampani nayo ikalemba kuti yatseka chifukwa mtengo wagwa pa msika wa zitsulo wa London Metal Exchange, nkhani yavuta, ngati kuti mtengowo umagwa wokha popanda mkuwa wochuluka wa kunja. Ndipo pa lamulo lomwe linakonzanso ndondomekoyi mu 2015, wochedwa kulembetsa maphunziro kupyola masabata 26 ankatha kutaya ndalama yodyera ija.

Chinyengo cha mtundu uwu n'chakale. Mu 1984 bungwe la boma la America loona za malonda ndi maiko akunja la International Trade Commission linapeza kuti mkuwa wakunja ukuvulaza makampani a m'dzikomo, koma a Ronald Reagan anakana kuika malire. Mgodi wa mkuwa wa ku Ajo, ku Arizona, unatsekedwa m'zaka zomwezo. Lero ng'anjo zazikulu zosungunulira mkuwa zogwira ntchito zatsala ziwiri zokha, ya ku Miami m'chigawo cha Arizona ndi ya Kennecott ku Utah. Abale athu a ku Kitwe ndi Luanshya ku Zambia, amene anaona anthu zikwizikwi akuchotsedwa mu 2015, akudziwa kuti mgodi ukaima, wogulitsa tomato ndi woyendetsa minibasi nawonso agona ndi njala.

Aphungu abwezeretse ndondomekoyi msanga, alembemo poyera kuti concentrate ndi cathode ziziwerengedwa ngati katundu mmodzi, ndipo ndalama zake atape pa msonkho womwe akuunyadirawo.

Wowerenga wokwiya,
Tucson, Arizona