Nkhama zanga ndi mapiritsi aja

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira, koma zoti ndikutumizire chithunzi ndikumwetulira iwalako kaye. Nkhama zatupa ine! Phenytoin uja, mankhwala anga a khunyu, ndamwa miyezi 5 tsopano, kugwa kwasiya inde, koma nkhama zikukwera pa mano ngati zikufuna kuwameza, ndikamatsuka mpaka magazi. Adokotala akuti mankhwalawa amatero kwa anthu ambiri, ndizitsuka mkamwa mosamala ndipo ndikaonane ndi a zamano. Panopa ndimaseka nditagwira pakamwa. Tiubweya tayambanso kumera kuchibwanoku, ukadzabwera mwina udzandipatsa moni wa achimwene, ndikukudziwa iwe.

Paja walemba kuti ndingowasiya ndione kaye. Ayi mnzanga, zimenezo usadzamuuzenso munthu wa khunyu. Ukasiya mwadzidzidzi kugwa kumabwerera, nthawi zina kotsatizana osatsitsimuka, ndipo munthu amatha kufa nako. Ndinapempha adokotala kuti andisinthire valproate, mankhwala ena a khunyu, anakana poti ndikadali wobereka, akuti pa ana 10 obadwa kwa mayi yemwe amamwa ameneyo ali woyembekezera, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, ena msana wosatsekeka. Amanenepetsanso, tsitsi kumathothoka. Ndiye ndisankhe chani, nkhama kapena dazi?

Eya, alamu ako aang'ono aja ndi oyembekezera. Njira yolera ya pamkono ili pamkono pomwepo! Iwo amamwa carbamazepine, nayenso wa khunyu, ndiye mankhwalawo amathamangitsa chiwindi kuphwanya mahomoni a kulera asanagwire ntchito bwino, mapiritsi olera naonso chimodzimodzi. Phenobarbitone ndi phenytoin wangayu khalidwe lake ndi lomwelo. Palibe anawauza, komanso iwo popita kolera sananene kuti pali china akumwa. Analira tsiku lonse, ine ndinasowa chonena. Mawa lake ndinathamangira kokafunsa, anandiuza kuti lupu ndi jakisoni wa Depo ndiye sasokonezeka. Ngakhale ma ARV amene ali ndi dolutegravir mphamvu yake imachepa akakumana ndi carbamazepine, mpaka amaonjezera piritsi lina madzulo. Masiku ano ndikangolowa kwa dokotala aliyense ndimayamba ndatulutsa mapaketi onse patebulo, andione ngati wovuta basi.

Koma nkhamazi zimabwerera ngati? Usiku wathawu ndinalota mano onse atamira, ndikuitana iwe mawu osatuluka. Za ntchito yatsopano ya achimwene ako ndimafuna ndikuuze bwinobwino koma maso akulemera, mapiritsi a usiku aja ayamba kundigwira, ndiye mawa ndikadzuka ndidzapitiriza.