Mwana wanyozeredwa zoona pa "luck out"

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zimene zachitikira mwana wanga wa fomu 3 sabata yathayi. Analemba chimangirizo cha Chingerezi chokamba za amalume ake, amene anapeza ntchito atavutika zaka zambiri. Chiganizo china chinali chakuti "My uncle lucked out and got the job." Aphunzitsi anachikhwatcha ndi cholembera chofiira mpaka pepala kubowoka. Kenako anamuimiritsa kutsogolo n'kuuza kalasi yonse kuti luck out n'kutheredwa mwayi, ndiye munthu watsoka angapeze bwanji ntchito? Anzake kuseka chikhakhali. Mwana anafika kunyumba maso ali psuu, nsima osaikhudza.

Olakwa ndi aphunzitsiwo. Usiku womwewo ndinatsegula Oxford Advanced Learner's Dictionary, mwana ali pambali panga, ndipo tinapeza kuti luck out n'kuchita mwayi, chija ife timati kuchita mphumi. Dikishonale ya Cambridge ikunenanso zomwezo. Ndi mawu a ku America, olankhula pocheza. Zatsoka zimanenedwa kuti be out of luck kapena run out of luck. Chosokoneza n'kamawu ka out, chifukwa mu run out ndi sell out kamanena za kutha kwa chinthu, moti ngakhale ku Britain alipo ena amene amawamva chozondotsa. Apo ndikumvetsa. Aphunzitsiwo akanati "awa ndi mawu apamacheza, pamayeso uzilemba was lucky," ndikanapita kukawathokoza. Koma kuchititsa mwana manyazi pagulu osatsegula n'komwe buku? Choko chokha sichipanga munthu kukhala wodziwa zonse.

Tonse tikudziwa kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza chotani. Phunziro lolemera chonchi n'loti mwana aziopa kuyesamo mawu atsopano? Mwana wanga wanena kale kuti sadzalembanso mawu amene sanawamve m'kalasi. Ndalama zachitukuko tinkalipira teremu iliyonse, koma laibulale ya pasukulupo imakhala yokhoma, dikishonale ili imodzi, nayonso imagona mu ofesi. Ana masiku ano Chingerezi akuchitola pa YouTube ndi TikTok, chambiri cha ku America, pamene aphunzitsi ena akadali pa manotsi amene anakopera ali kukoleji. Nanga alangizi a maphunziro aja amayendera chiyani m'sukulumu, kuwerenga madesiki basi?

A Unduna wa Zamaphunziro, ikani dikishonale m'kalasi iliyonse, pathebulo poonekera, kuti mkangano ukabuka mphunzitsi ndi mwana azitsegulira limodzi. A MANEB nawo anene poyera ngati mawu a ku America ali ololedwa m'chimangirizo. Ndipo aphunzitsi aja amubwezere mwana malikisi ake pamaso pa kalasi yomwe ija inamuseka.

Kholo lokhumudwa,
Zomba