Kwa mwana wanga amene akufuna kusiya choko

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo la amayi ako lomwe lija. Foni yako ya Lamlungu ndinaidula msanga, ndipo ndikudziwa kuti unaganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye ayi. Nkhani yoti ukufuna kusiya kuphunzitsa biology kukoleji kuti ukayambe sukulu ya udokotala ku KUHeS si yoyankha munthu uli chiimire pakhonde, mayunitsi akutha. Ndagona nayo masiku atatu. Amayi ako akuti munthu wa zaka 34 ndi ana awiri sabwereranso pa desiki. Ine ndikuti pita, koma uyambe wamva izi.

Ukukumbukira uli wamng'ono unkabwera ku labu kudzandidikira kuti ndiweruke? Unkakonda kusuzumira timbale tija tokhala ndi zinthu zonga phala lozizira. Tinkapakapo tizilombo tochokera mu mkodzo kapena m'mafinya a wodwala, n'kusanjapo timapepala tozungulira ta mankhwala osiyanasiyana, kenako n'kutigoneka mu incubator, bokosi lamagetsi lotenthetsera, usiku wonse, mtima uli m'mwamba kuti magetsi asazime. M'mawa ndinkatenga rula n'kuyeza bwalo loyera lozungulira kapepala kalikonse. Pamene tizilombo talephera kuyandikira, amenewo ndiwo mankhwala oti wodwala apatsidwe. Pa botolo la ufa wophikira phalalo panalembedwa kuti Mueller-Hinton. Kwa zaka zambiri ndinkayesa dzina la kampani. Ndinadzadziwa mochedwa kuti Hinton ameneyu anali mkazi, Jane Hinton, amene anakonza phalalo pamodzi ndi John Howard Mueller ku yunivesite ya Harvard ku America mu 1941, ndiponso kuti bambo ake anadutsa njira yomwe iwe ukuifunayi.

Dzina lawo linali William Augustus Hinton. Anabadwira ku Chicago mu 1883, kwa makolo amene anakhalapo akapolo. Atatenga digiri ku Harvard mu 1905, anakaphunzitsa sayansi m'makoleji a anthu akuda ku Nashville ndi ku Langston, Oklahoma. Mu 1909 anasiya uphunzitsiwo n'kukalowa sukulu ya udokotala ya Harvard. Kumeneko kunali thandizo la fizi losungidwira ophunzira akuda okha. Iwo analikana, n'kupikisana ndi wina aliyense, ndipo anapambana. Anamaliza mu 1912. Sindikubisa, iwo anabwerera kusukulu ali ndi zaka 25 zokha, katundu wawo anali wopepukirapo kusiyana ndi wako.

Chimene chandigwira mtima ndi chimene chinatsatira. Ankafuna kukhala dokotala wa maopaleshoni, koma zipatala za ku Boston sizinawalole kuphunzira ntchitoyo chifukwa cha khungu lawo. Tangoganiza, munthu wasiya malipiro, wakhetsa thukuta zaka zitatu, ndiye khomo lomwe analidzera lamutsekekera pamaso. Iwo sanatenge chikwama kubwerera kwawo. Analowa mu labu ya Massachusetts General Hospital ngati wongodzipereka, n'kuyamba kulimbana ndi chindoko. Pofika mu 1915 anali mkulu wa labu ya boma la Massachusetts yoyeza nthendayi, ndipo mu 1927 anatulukira njira yawoyawo yoyezera magazi, imene siinkanamizira anthu kawirikawiri ngati njira yakale. Usaione ngati nkhani yaing'ono. Masiku amenewo penisilini kunalibe. Munthu akauzidwa kuti ali ndi chindoko ankabayidwa mankhwala a arsenic ndi kupakidwa mercury kwa miyezi yambirimbiri, osanena za manyazi ndi mabanja otha. Ine ndayezapo magazi a amayi a kusikelo, ndipo ndikudziwa nkhope ya mayi amene akudikira kapepala kake pa benchi, chitenje atachikumbatira pamimba. Kumuuza bodza munthu wotere ndi tchimo.

Ndiye funso langa ndi ili. Unandiuza kuti watopa kujambula kachilombo ka malungo pa bolodi pamene mwana wa mayi wokuthandiza pakhomo anamwalira nawo malungowo, iwe ulibe chochita. Ndinakumva, ndipo ndinakhulupirira. Koma ukadzamaliza zaka zisanu kapena kuposerapo, n'kukutumiza kuchipatala cha boma lakutali kumene mankhwala amatha mwezi usanathe, ukadzafuna ukatswiri wa matenda a ana malo n'kusowa, udzakhalabe? Ngati mumtima mwako muli wodwala uja, udzakhala. Ngati muli chikhoti choyera ndi kutchedwa adokotala paukwati, ndibwino ukhale pomwe ulipo, chifukwa uphunzitsi wako si ntchito yochititsa manyazi.

Ndipo usalankhulenso ngati zaka zako za m'kalasi zinapita pachabe. Ndinamva mawu amenewo pafoni, anandiwawa. Bambo Hinton choko sanachitaye. Anaphunzitsa ku Harvard zaka zoposa 30, ngakhale udindo wa pulofesa anadzawapatsa mu 1949, kutangotsala chaka chimodzi kuti apume, ndipo anali munthu wakuda woyamba kuulandira pa yunivesiteyo. Ku Boston Dispensary anaphunzitsa anthu ntchito ya mu labu, ambiri a iwo akazi, anthu a ntchito yanga yomwe ija. Mu 1936 analemba buku la chindoko ndi kachizidwe kake. Mu 1940 anaduka mwendo pa ngozi ya galimoto, koma anabwerera kuntchito. Iwe umadziwa kufotokoza chinthu chovuta mpaka mwana wosamva amve. Agogo a kumudzi amene sakumvetsa chifukwa chake ayenera kumwa mapiritsi a shuga tsiku lililonse adzafuna luso lomwelo.

Chinanso. Kusukulu ya udokotalako ukapeza ana amene unawaphunzitsa ali patsogolo pako, ena adzakutuma. Tumika. Mvera anamwino ndi ma clinical officer, awona zambiri. Tsiku lina dokotala wachinyamata anandiponyera kapepala ka zotsatira patebulo, akuti labu yalakwitsa. Patapita masiku awiri anabwera yekha kudzakatenga, wodwala atafooka kale. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka, osati chifukwa cha ine koma wodwala uja. Usadzakhale wotero.

Usanalembe kalata yosiya ntchito, kafunse kaye ngati angakupatse tchuthi chopitira kusukulu. Ukhale pansi ndi bambo a ana, muwerengere fizi, lendi ndi sukulu ya ana pa pepala, osati pakamwa. Iwo ndi amene adzasenze nyumba zaka zonsezi, choncho asamve ngati wangowadziwitsa. Ana azibwera kuno pa holide, chimanga chilipo. Amayi ako ndilankhula nawo ndekha pang'onopang'ono. Mubwere nonse Loweruka la mawa lija, ndipo utenge mapepala ofunsira malo kuti ndiwaone.

Ndine bambo ako.