Pothandiza amayi a bizinesi za pakhomo, muziwerengeranso ana awo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za ife amayi amene timachita bizinesi pakhomo kwinaku tikulera ana. Ndaona kuti nkhani yathu ikamakambidwa pa wailesi kapena pamisonkhano ya chitukuko, olankhula amangotchula mpamba ndi ngongole, ngati kuti mayi akangolandira ndalama m'manja ndiye kuti zonse zatheka, pomwe funso limene limatisowetsa tulo ndi lakuti mwana akhala ndi ndani pa nthawi imene manja athu ali pa ntchito. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikukazinga mandasi ndi zitumbuwa zimene ndimagulitsa pabenchi ya pakhomo komanso kuodetsa kwa eni maokala a m'dera lathu.

Anthu ambiri amaganiza kuti mayi wogulitsira pakhomo ali ndi mwayi, chifukwa ana ake amakhala nawo pafupi tsiku lonse. Kukhala pafupi ndi mwana n'kosiyana ndi kumuyang'anira. Ine ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha kukoleza mbaula pakhonde, ufa nditaukandiratu usiku, kuti pofika 6 koloko ana a sukulu ndi abambo opita kuganyu apeze mandasi otentha. Mwana wanga wotsiriza ali wakhanda ndinkakazinga nditamubereka kumsana, koma atayamba kukwawa anayamba kukana mbereko, ndipo kuwerama pa chiwaya cha mafuta owira mwana akupalapata kumbuyo kunkandichititsa mantha. Tsiku lina ndinamukhazika pamphasa, patali ndithu ndi moto, kenaka panafika wogula ndi ndalama yofuna chenje. Ndisanamalize kuwerenga chenjecho ndinamva kulira kumene mayi aliyense amakudziwa kuti si kwa njala. Mwanayo anali atakwawa n'kugwira mbaula ndi dzanja lamanja. Ndinasiya mafuta pamoto, mandasi akupserera, n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo mlungu wonsewo sindinakazinge. Ndalama ya mpamba inathera pa ulendo wopita kukatsukitsa bala ndi pa ndiwo za pakhomo. Chipsera chili m'chikhatho mwake mpaka lero, ndipo ndimachiona nthawi iliyonse ndikamamusambitsa.

Chimene chandilembetsa kalatayi makamaka ndi cholakwa changa china, chimene ndikuchiona kwa amayi anzanga ambiri. Nditabwerera pa ntchito ndinali ndi ngongole yoti ndibweze, choncho ndinayamba kumutuma mwana wanga woyamba, mtsikana amene pa nthawiyo anali Sitandade 5, kuti azinyamula ndowa ya mandasi kupita nayo pasiteji ya minibasi asanapite kusukulu, ndipo masana akaweruka azindigwirira mng'ono wake. Ndinkadzitonthoza ndi mawu akuti m'mera mpoyamba, kuti ndikumuphunzitsa ntchito monga momwe amayi anga anandiphunzitsira ine kusinja ndi kupeta. Koma kumuphunzitsa mwana ntchito za pakhomo ndi kwina, kumusenzetsa udindo wodyetsa banja ndi kwinanso. Patatha teremu imodzi aphunzitsi ake anandiitanitsa n'kundiuza kuti mwanayo amafika mochedwa, amaodzera m'kalasi, ndipo masamu amene ankakhoza bwino wayamba kulephera. Nditamufunsa kunyumba, anandiyankha ali chowerama kuti m'kalasi amangoganiza ngati ndalama imene wandipatsa inali yokwanira, chifukwa ankaopa kuti ikaperewera ndimukalipira. Sanandiuze msanga za amuna ena amene ankamulankhula mawu osayenera pasiteji paja, ndipo zimenezo ndinazimva kwa mayi wina wogulitsa nthochi pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndowa ija sinatulukenso pakhomo ili pamutu pa mwana.

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ana ku ntchito yowadyera masuku pamutu ndi ntchito iliyonse yosokoneza maphunziro awo, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo omwewo amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, koma mwana amene wafika m'kalasi atayenda kale ndi ndowa kuyambira kusanache sapindula nawo ulerewo. Ine sindikuikira kumbuyo mayi aliyense wotuma mwana kukagulitsa malonda, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene kutero kumachita. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chongomudzudzula mayiyo osafunsa chimene chamufikitsa pamenepo.

Chimene chimatifikitsa pamenepo si chinsinsi. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ife amene bizinesi yathu imadalira ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga tinazimva msanga kuposa ena. Mtengo wa mandasi sungaukweze mofanana ndi mtengo wa thumba la ufa, chifukwa okugula ndi ana a sukulu ndi anthu a maganyu, ndiye umangochepetsa kukula kwake mpaka ogulawo ayambe kudandaula. Phindu likachepa chotero, mayi sangathe kulemba wantchito, ndipo manja aulere amene ali pafupi ndi a mwana wake. Komanso lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, zimene zili zabwino ndithu, koma ife odzilemba tokha lamuloli silitifika. Ine nditachira mwana wotsiriza ndinabwerera pa chiwaya patangotha masabata awiri, msana ukadali kuwawa, chifukwa tsiku lobweza kubanki mkhonde silisuntha ngakhale m'nyumba muli chikuta.

Ndinene zimene tayesa kwathu kuno, ngakhale ndi zazing'ono. Tilipo amayi anayi a gulu limodzi la banki mkhonde, wina amasoka, wina amaluka tsitsi pakhonde, wina amagulitsa makala ndi tomato, ndiye ine wa mandasi. Tinagwirizana kuti aliyense akhale ndi m'mawa wake woyang'anira ana aang'ono a tonsefe, asanu ndi awiri onse pamodzi, ndipo timasonkha ufa wa mgaiwa, soya ndi nsinjiro zophikira phala. Tsiku langa likafika ndimakazinga theka lokha n'kuzimitsa moto ana asanabwere. Ndimataya kangachepe pa tsikulo, koma masiku atatu enawo ndimagwira ntchito mtima uli m'malo, popanda kutembenukatembenuka. Sikuti zimayenda bwino nthawi zonse, chifukwa mmodzi akadwala kapena kukagwa maliro dongosolo lonse limasokonekera, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene anaphunzitsidwa kaleredwe ka ana monga alezi a kumkombaphala.

Apa ndi pamene ndikupempha akuluakulu atithandize. Sukulu za mkombaphala zilipo m'madera ambiri, koma zambiri zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, amene nawonso ali ndi mabanja ofuna kudya, moti mlezi akapeza ganyu sukuluyo imatsekedwa tsiku limenelo. Zolipira za m'tauni mitengo yake ndi yoposa phindu la mayi wa mandasi. Boma litati liziwalipira alezi onse ophunzitsidwa mokhazikika, ndipo makhonsolo pomanga kapena kukonza misika aziikapo chipinda chosungiramo ana, amayi ambiri akhoza kusiya kutuma ana aakulu kulera ang'ono awo pa nthawi ya sukulu. Mipingo ndi mizikiti nayonso iganizepo, popeza zipinda zake zambiri zimakhala zotseka pakati pa mlungu pomwe ana akusewera m'mphepete mwa ziwaya ndi m'ngalande za m'misewu. Kwa mabungwe obwereketsa ndalama, kuyambira a boma mpaka magulu athu omwe a m'makonde, pempho langa ndi lakuti pomufunsa mayi za malonda ake muzimufunsanso kuti ali ndi ana angati, a zaka zingati, ndipo amawasiya ndi ndani, ndiponso kuti mayi amene wangochira kumene kapena amene ali kuchipatala ndi mwana azipatsidwa masabata angapo opuma kubweza popanda chilango. Ngongole yosaganizira zimenezi imakankhira mayi kwa akatapila, ndipo kumeneko ngakhale chiwaya chenichenicho chimalandidwa.

Abambo nawonso ndisawasiye. Bambo a ana anga ndi mlonda wa usiku, ndipo poyamba akaweruka m'mawa ankangofikira kugona, poona kuti ine ndili pakhomo ndiye kuti sindili pa ntchito. Mwana atapsa paja tinakhala pansi, ndinawaonetsa kope limene ndimalembamo zogula ndi zogulitsa, ndipo anaona okha kuti lendi ya miyezi ina ndi yunifolomu za ana zinkachokera m'chiwaya chomwecho. Tsopano akafika amayamba asambitsa wamng'onoyo ndi kumuperekeza kwa mayi amene ali ndi tsiku, ndipo Loweruka amapita okha ku Limbe kukapikula ufa ndi mafuta. Anzawo ena amawaseka kuti adyetsedwa, koma iwo sanasiye. Mtsikana uja ali Sitandade 8 tsopano, m'mawa amachoka pakhomo ndi chikwama cha mabuku chokha, ndipo mandasi awiri amene amatenga ndi oti akadye pa nthawi yopuma.

Ndine wanu,
Mayi wa ana atatu,
Bangwe, Blantyre.