Pempho lija labwezedwa

Mnzanga wokondedwa,

Papita nthawi tisanalemberane. Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ine ndiliko, kungoti mtima sunakhazikike. Pempho lija ndinakuuza, la ndalama zofufuzira malo amene anthu a LGBTQ (amene amakondana amuna kapena akazi okhaokha, ndi ena otero) amakumanako m'mizinda, labwezedwa. Komiti ya pa yunivesite inayankha mizere iwiri yokha, yati nkhaniyi si ya zomangamanga. Kalatayo ndinaiwerenga katatu chiimirire pakhonde la ofesi, kenako ndinaipinda n'kuiika m'thumba.

Si ya zomangamanga bwanji? Taona za ku London. Ben Campkin ndi Laura Marshall a ku University College London anawerenga malo achisangalalo ausiku a anthu amenewa, n'kupeza kuti mu 2006 analipo 125, koma pofika 2017 anangotsala 53. Ena anatsekedwa chifukwa lendi inakwera, ena anagulidwa ndi ofuna kumangapo nyumba zatsopano. Kodi zimenezi si zomwe timaphunzitsa tsiku ndi tsiku m'kalasi ya mapulani a mizinda? Nambalazo zisanatuluke anthu ankangodandaula pakamwa, koma zitatuluka akuluakulu a mzinda anali ndi chogwirika patebulo. Ndipo ntchito yotere sichitika ndi mtima wabwino wokha. Kufukula manyuzipepala akale, kuyenda msewu ndi msewu, kucheza ndi amene ankapitako, zonsezi zimadya miyezi, ndipo wofufuzayo amafunika malipiro.

Stonewall Inn, bala ya anthu amenewa ya ku New York, ukaiona ndi kanyumba wamba kanjerwa pa Christopher Street. Chipolowe cha pakati pa anthuwa ndi apolisi chinachitikira pamenepo mu 1969, koma boma linailemba m'kaundula wa malo a mbiri mu 1999, patatha zaka 30, anthu ngati Andrew Dolkart wa ku Columbia University atasonkhanitsa umboni. Pakanapanda iwo, mwina bwenzi tikuidutsa osaicheukira.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi okalamba. Mmodzi anandijambulira pamsana pa envulopu mmene chipinda chawo chokumanira chinalili, khomo lakumbuyo, zenera lotchingidwa ndi nsalu, pamene ankathawira apolisi akabwera. Nyumbayo inagwetsedwa kalekale. Dzanja lake linkanjenjemera pojambula, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzamupezenso.

Tsono ndithandize, mnzanga. Pa yunivesite yanuyo pali thumba lililonse, ngakhale laling'ono, limene limalandira mapempho otere kuchokera kunja? Undifunsireko tsiku lotsekera ndi zikalata zimene amafuna. Pempholo ndayamba kale kulilembanso, ndipo envulopu ija ndaiika patsamba loyamba.

Undiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.