Mawu akuti "damages" sanena za zinthu zowonongeka

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mawu a Chingerezi akuti "damages", amene akusokoneza ambiri olemba nkhani za m'makhoti. Kawirikawiri khoti likagamula kuti munthu alipire "damages", timawerenga kuti walamulidwa kulipira zinthu zimene anawononga, ngakhale pamlandu woipitsirana mbiri pomwe palibe ngakhale zenera limodzi limene linasweka.

Chisokonezochi chimachokera ku chilembo cha "s". Kusukulu timaphunzira kuti chilembochi chimachulukitsa dzina, ndipo pa mayina ambiri zimenezi n'zoona, koma "damage", kutanthauza kuwonongeka, ndi dzina losawerengeka, kotero kuti mphepo ikasasula madenga khumi Mngelezi amanenabe "damage". Akawonjezera "s" ndiye kuti walowa m'chilankhulo cha malamulo, ndipo akunena za ndalama zimene wolakwa amapereka kwa womulakwira pa lamulo la khoti, zomwe ife timati chipukutamisozi. Ndalamazi si chindapusa ayi, pakuti chindapusa ndi chilango cholowa m'thumba la boma, pamene chipukutamisozi chimapita m'manja mwa wodandaula. Sizifanananso ndi "costs", zomwe ndi ndalama zoyendetsera mlandu.

Maloya amagawa "damages" m'magulu. "Special damages" ndi zimene munthu angazitsimikizire ndi malisiti, monga zolipira kuchipatala kapena malipiro amene anataya ali chigonere, pamene "general damages" ndi za ululu, manyazi kapena mbiri yoipitsidwa, zinthu zimene khoti limachita kuziyeza lokha chifukwa zilibe mtengo wolembedwa.

Kuchuluka kwa chipukutamisozi kumasonyezanso momwe khoti lawonera dandaulo. M'chaka cha 1878 ku London, wojambula zithunzi James Whistler anasumira John Ruskin, wolemba ndemanga za zojambulajambula, chifukwa chonyoza ntchito yake m'zolemba, nafuna mapaundi 1,000. Whistler anapambanadi mlanduwo, koma anapatsidwa farthing imodzi, kandalama kongokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a peni, ndipo chaka chotsatira anagwa m'ngongole zosatha kubweza. Amene angalembe kuti Ruskin analipira zimene anawononga ndiye kuti sanamve n'komwe chimene khotilo linkanena.

Pempho langa ndi lakuti atolankhani anu azilemba chipukutamisozi pamene chigamulo chati "damages", ndipo azitiuzanso ngati ndalama zotchulidwazo zikuphatikiza zoyendetsera mlandu kapena ayi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu